Fakitale Ikatseka, Mlandu Ngwayani?

Zikomo kuti mwalola kutaya mapisi a Loweruka kuti tikhale pamodzi kuno ku Garsfontein.

Ndikudziwa kuti ena mutamva mutu wa nkhani ya lero munadzifunsa kuti za mafakitale a galimoto zikutikhudza pati. M'holo muno ochuluka ndinu osamala maluwa m'mayadi a Garsfontein, Faerie Glen ndi Moreleta Park, ogwira m'nyumba, alonda, othira mafuta, otsuka galimoto ndi amisiri oyenda ndi zida m'chikwama. Amene adalowapo mkati mwa fakitale ya Ford kapena BMW mwina sakwana dzanja limodzi. Komabe fakitale zimenezi zikadzatseka zipata, njala yake idzafika pa mbale yanu, ndipo mwa onse amene adzavutike, inu ndi amene palibe adzakumbuke kukuwerengani. N'chifukwa chake ndikufuna tifunse lero kuti fakitale ikatseka mlandu umakhala wa yani, nanga amene watsala padzuwa amuthandiza ndani.

Tiyambe ndi pamene tili. Mukachoka muno n'kutsata msewu wa Solomon Mahlangu ngati mukupita ku Mamelodi, n'kukhotera cha ku Silverton, mupeza fakitale ya Ford kumene amapanga Ranger. Kumpoto kwa mzinda, ku Rosslyn, kuli BMW, imene idakhazikika kumeneko mu 1973, fakitale yake yoyamba kunja kwa Germany. Pafupi pomwepo pali fakitale imene Nissan yakhala ikupangiramo galimoto. Mwa makampani 7 akuluakulu opanga galimoto m'dziko lino la South Africa, atatu ali mu Tshwane muno. Otsalawo ndi Toyota ku Durban, Mercedes-Benz ku East London, Volkswagen ku Kariega ndi Isuzu ku Gqeberha. Onsewa, pamodzi ndi makampani opanga mipando, mawaya, magalasi ndi matayala, amalemba anthu opitirira 110,000, ndipo mu 2024 adapanga galimoto pafupifupi 600,000. Mwa galimoto zitatu zilizonse ziwiri zimakwera sitima kupita kunja, makamaka ku Ulaya. Choncho bambo wa ku Nellmapius amene amamanga mabawuti ku Silverton amadya kapena kugona ndi njala malinga ndi maganizo a wogula wa ku Birmingham amene sadzamuona moyo wake wonse.

Zaka za 2024 ndi 2025 zinali zowawa. Mu Malichi 2024 Nissan idasiya kupanga NP200, kabaki kaja kamene anzathu ambiri amanyamulira mchenga ndi zinyalala za m'mayadi. Chaka chomwecho Mercedes-Benz idanena zochotsa anthu pafupifupi 700 ku East London. Mu Ogasiti 2025 Goodyear idatseka fakitale yake ya matayala ku Kariega, imene idakhalapo kuyambira 1947, anthu pafupifupi 900 n'kupita kunyumba. Mwezi womwewo Ford idalengeza kuti ichotsa anthu opitirira 470, ambiri mwa iwo a ku Silverton konkuno. Nduna ya zamalonda ndi mafakitale, a Parks Tau, idavomera yokha kuti m'zaka ziwiri makampani 12 a m'gawo la galimoto atseka ndipo ntchito zoposa 4,000 zatha. Ku Japan, mkulu watsopano wa Nissan, a Ivan Espinosa, adalengeza mu Meyi 2025 kuti atseka mafakitale 7 mwa 17 padziko lonse n'kuchotsa anthu 20,000. Anthu a ku Soshanguve ndi Ga-Rankuwa adakhala miyezi mitima ili m'mwamba, mpaka mu Januwale 2026 pamene kudamveka kuti fakitale ya Rosslyn agula ndi Chery, kampani ya ku China, ndipo ambiri mwa antchito apatsidwa malo. Imeneyo ndi nkhani yabwino ngati lonjezo lisungidwa. Koma lonjezolo likunena za antchito a Nissan. Kampani yaing'ono imene inkakhalira kupanga zitsulo za Navara, galimoto ya Nissan, iyenera kukagogoda yokha kwa mwini watsopano.

Zikachitika zoterezi, zimene andale amanena timazidziwa kale. Nduna imaima pamaso pa atolankhani ndi nkhope yachisoni, n'kunena kuti chiganizo chapangidwa ku malikulu a makampaniwa ku Yokohama kapena ku Akron, ife tilibe mphamvu. Otsutsa boma amaloza chipani cholamula. Chipani cholamula chimaloza America. Khonsolo ya mzinda imaloza kampani ya magetsi ya Eskom, Eskom n'kutulutsa kalata ya ngongole ya khonsoloyo. Chala chilichonse chimaloza kwina, ndipo pofika tsiku lolandira malipiro omaliza aliyense amakhala atasamba m'manja.

Ndisaname, m'mawu awowo muli zoona zina. Mu Epulo 2025 a Donald Trump adaika msonkho wa 25 peresenti pa galimoto zonse zolowa m'dziko la America, ndipo mu Ogasiti adaika 30 peresenti pa katundu wambiri wochokera kuno. Nissan idaluza ndalama m'misika imene South Africa alibe nayo gawo. Anthu a ku Ulaya akusiya pang'onopang'ono galimoto za dizilo ndi petulo. Palibe nduna ya ku Union Buildings imene ikadaimitsa zonsezi. Ngati funso lili lakuti ndani adasaina kalata yotseka fakitale, yankho ndi kampani, ndipo kampaniyo isamasulidwe pa mlandu wake. Koma ine ndikukana kuti mlandu uthere pamenepo.

Mafakitalewa sadamere okha. Rosslyn idakhazikitsidwa ndi boma la tsankho m'zaka za m'ma 1960, dala pafupi ndi Ga-Rankuwa, kuti munthu wakuda azigwira ntchito masana koma usiku azikagona kunja kwa mzinda wa azungu. Boma lomwelo lidalamula kuyambira 1961 kuti gawo lina la galimoto iliyonse lizipangidwa m'dziko momwe muno, ndipo lamulo limenelo ndilo lidabala makampani a zipangizo. Ford yokha idayambira ku Port Elizabeth m'zaka za m'ma 1920. Mu 1985 idaphatikizana ndi Amcar, kampani ya Anglo American, kupanga Samcor, ndipo ntchito yopanga galimoto idasamutsidwira ku Silverton, fakitale ya Neave ku Port Elizabeth n'kutsekedwa. Ntchito za ku Silverton zimene tikulirira lero zidabwera kuno anthu a ku New Brighton ndi Kwazakhele akulira. General Motors idachoka mu 1986 chifukwa cha mkangano wa tsankho, idabwerera, n'kuchokanso mu 2017. Isuzu idatenga fakitale, koma anthu pafupifupi 600 adatsala panja. Mbiri yonseyi ikusonyeza kuti kumene fakitale iima, ndi nthawi imene ichoka, ndale zimakhala zili momwemo.

Boma la demokalase lidapitiriza. Mu 1995 lidayambitsa ndondomeko ya MIDP, mu 2013 idalowa APDP, ndipo gawo lake lachiwiri lidayamba mu 2021. Imayenda motere: galimoto yochokera kunja imalipira msonkho wa 25 peresenti pa doko, koma kampani imene imapanga galimoto muno imapatsidwa makuponi ochepetsera msonkhowo pa galimoto ndi zipangizo zimene ikuitanitsa. Kuwonjezera apo, pa R100 iliyonse imene kampani yaika m'makina atsopano, boma limabweza R20 ya ndalama zenizeni, ndipo kwa opanga zipangizo limabweza R25. Ndalama imeneyi ndi ya anthu. Ngakhale mnyamata amene adalowa muno podutsa mtsinje wa Limpopo, wopanda pepala ndi limodzi lomwe, akagula sopo, shuga kapena nsapato amalipira VAT ya 15 peresenti. Nayenso adasonkha nawo kuti fakitale ya Silverton ikule.

Ndipo ikamakula andale sasowa. Mu Epulo 2019 pulezidenti Cyril Ramaphosa adali ku Rosslyn pamene Nissan inkalengeza R3 biliyoni yopangira Navara. Mu Novembala chaka chomwecho adatsegula dera lapadera la mafakitale, TASEZ, moyandikana ndi Ford, lomangidwa ndi ndalama za boma lalikulu, chigawo cha Gauteng ndi khonsolo ya Tshwane. Mu Febuluwale 2021 Ford idalengeza R15.8 biliyoni yokulitsira Silverton kuti izitha kupanga galimoto 200,000 pa chaka. Zithunzi zilipo, nduna zitavala zisoti zolimba, zikugwirana chanza ndi mabwana a kampani. Kwathu, amene adaima ngati nkhoswe tsiku la ukwati, banja likavuta sanena kuti izo n'za awiriwo. Amamudzutsa pakati pa usiku, chifukwa iye ndi amene adatsimikizira mudzi kuti mlendoyu ndi munthu. Boma ndilo nkhoswe pakati pa makampaniwa ndi anthu a Mamelodi. Lidawaitana, lidawapatsa malo ndi ndalama, lidauza achinyamata kuti phunzirani ntchito imeneyi ili ndi tsogolo.

Palinso ntchito imene inali ya boma lokha, ndipo silidaigwire. Ambiri mukukumbuka Epulo 2023, pamene nsanja za mawaya a magetsi zidagwera pa msewu wa N4 mbava zitaba zitsulo za m'munsi mwake. Madera ambiri a kum'mawa ndi kumpoto kwa mzinda adakhala mumdima masiku angapo, nyama n'kuonongeka m'mafiriji. Fakitale ya Ford idaima, ndipo kampani idati ikutaya galimoto pafupifupi 720 tsiku lililonse. Chaka chimenecho Eskom idazimitsa magetsi masiku opitirira 300. Njanji ya Transnet imene iyenera kutengera galimoto ku doko idafooka chifukwa cha kubedwa kwa mawaya ndi kusowa kwa injini za sitima, Ford yapempha kwa zaka kuti njanji yopita ku Gqeberha ikonzedwe. Mu Novembala 2023 a Thomas Schäfer, mkulu wa galimoto za Volkswagen amene adagwirapo ntchito muno, adachenjeza poyera kuti magetsi, njanji ndi madoko zikuchititsa kuti kupanga galimoto kuno kusakhalenso kwanzeru. Nanga khonsolo imene imayenera kulondera mawaya amenewa inali kuti? Kuyambira 2016 mzinda uno wakhala ndi mameya 6: a Solly Msimanga, a Stevens Mokgalapa, a Randall Williams, a Murunwa Makwarela, a Cilliers Brink ndi mayi Nasiphi Moya, ndipo mu 2020 udakhala miyezi wopanda meya. Zipani zitatu zosiyana zagwirapo mpandowo, pamene boma lalikulu ndi chigawo zakhala zikutsogoleredwa ndi ANC. Palibe chipani chimene chingaime apa n'kunena kuti manja ake ndi oyera. Mabwana a Ford ku Dearborn akamasankha fakitale yoti achepetse pakati pa Silverton ndi ya ku Thailand, amatsegula buku la masiku amene makina adaima. Dzanja losaina ndi lawo, koma zina mwa zifukwa zidalembedwa kuno.

Boma lidadziikira lokha cholinga choti pofika 2035 dziko lino lizipanga galimoto imodzi mwa 100 zilizonse za padziko, ndipo 60 peresenti ya zipangizo zizichokera muno. Lero zipangizo za muno sizikufika ndi 40 peresenti yomwe, ndipo galimoto zambiri zatsopano zimene zikugulidwa m'dziko lino n'zochokera kunja, makamaka ku India ndi ku China. Amene adalonjeza ndiye afotokoze. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsopano tione munthu amene kalata yamupeza. Lamulo la ntchito, pa ndime 189, limati bwana asanachotse anthu ayenera kukambirana nawo. Ngati kampani ili ndi antchito opitirira 50 ndipo ochotsedwa ndi ambiri, ndime 189A imapereka masiku 60, bungwe loona za mikangano ya pantchito la CCMA n'kutumiza munthu woyendetsa zokambiranazo. Zikatha, ndalama yochepetsetsa imene lamulo limalamula ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira. Werengani nokha: bambo amene waima pa layini zaka 20, msana utapindika, lamulo limamupatsa malipiro a masabata 20, osakwana miyezi isanu. Kumene bungwe la antchito monga NUMSA kapena Solidarity lili ndi mphamvu phakeji imakwererapo, koma zimenezo n'zomenyera, si za m'buku. Kenako pali UIF, inshuwalansi ya otha ntchito, imene wantchito ndi bwana amasonkha 1 peresenti aliyense mwezi ndi mwezi. Imalipira pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro, koma imawerengera mpaka R17,712 basi. Amene ankalandira kuposa apo amapeza pafupifupi R6,700 pa mwezi, ndipo ngakhale wogwira nthawi yaitali bwanji, chaka chikatha yatha. Munthu ameneyu ali ndi ngongole ya nyumba, ya galimoto, ana ku koleji, ndi amayi ake ku Limpopo. Posakhalitsa amathyola ndalama ya penshoni n'kuyamba kudya ukalamba wake ali ndi zaka 48.

Ilipo ndondomeko ina, imene idayamba mu 2009 ndipo pano amaitcha TERS, yoti kampani ikavutika antchito asachotsedwe koma akhale pa maphunziro kwa kanthawi, UIF ikuthandiza malipiro. Maganizo ake ndi abwino. Vuto lake imayenda pang'onopang'ono kuposa masiku 60 aja, ndipo kampani imene yatsimikiza kale zochoka siifuna n'komwe.

Ine chimene chimandipweteka kwambiri ndi nthawi. Taonani za ku Australia. Kumeneko andale adalakwa poyera: mu Disembala 2013 nduna ya zachuma, a Joe Hockey, idaima m'nyumba ya malamulo n'kukakamiza Holden kuti inene ngati ikutsala kapena ikuchoka, ndipo tsiku lotsatira kampaniyo idalengeza kuti ichoka. Ford inali itanena kale mu Meyi chaka chomwecho, Toyota idatsatira mu Febuluwale 2014. Dziko lonse lidasiya kupanga galimoto. Koma Ford idatseka mu Okutobala 2016, Toyota ndi Holden mu Okutobala 2017. Antchito adadziwa zaka zitatu kapena zinayi tsiku lisanafike. Boma, Holden ndi Toyota adasonkha thumba la madola a ku Australia 155 miliyoni, anthu n'kuyamba kuphunzira ntchito zina akadali pa malipiro, makampani a zipangizo n'kuthandizidwa kufuna misika ina. Ngakhale zinali choncho ambiri adakathera ku maganyu a malipiro otsika. Ngati zidavuta kwa anthu amene adapatsidwa zaka zinayi m'dziko limene ntchito zilipo, nanga bwanji munthu wa ku KwaNobuhle, ku Kariega, amene adamva za Goodyear mu Juni, pofika Ogasiti zipata zatsekedwa, m'dziko limene munthu mmodzi mwa atatu ofuna ntchito alibe?

Apa ndi pamene ndikuloza chala andale mosazengereza. Nthawi yokambirana za kutseka kwa fakitale ndi tsiku limene kampani ikulandira ndalama ya boma, pamene ikadali kufuna chinthu kwa ife. Tsiku limenelo boma likhoza kulemba m'pangano kuti amene walandira R20 pa R100 iliyonse, akadzafuna kuchoka adzanene zaka ziwiri zisanakwane. Kuti akadzachoka msanga adzabweze gawo la ndalamayo. Kuti chaka chilichonse azisonkha kangachepe m'thumba lodzasamala ochotsedwa, kuphatikizapo a m'makampani ang'onoang'ono amene amamudalira. Ena adzati mukatero makampani athawira ku Morocco. Mantha amenewo si opanda pake, Morocco akupikisana nafe ndithu. Koma kampani imene ikuika mabiliyoni imaopa kwambiri magetsi ozima ndi doko lodzaza kuposa pangano lomveka bwino. Boma likakonza zake, lidzakhala ndi nkhope yofunsira za ena.

Ndifike kwa ife tsopano. Pitani ku Silverton nthawi yosinthana mashifiti, muime kunja kwa chipata. Mupeza mataxi atandandalika, madalaivala akuitanira a ku Mamelodi ndi Eersterust. Mupeza mayi ali ndi ndowa ya magwinya yovundikira ndi nsalu, fulasiki ziwiri za tiyi ndi kabuku kolembamo amene adya pa ngongole mpaka kumapeto kwa mwezi. Shifiti imodzi ikathetsedwa, theka la maina a m'kabukuko silibweranso, ndipo ngongoleyo imagwera iye. Mayi ameneyu alibe ndime 189. Mwini zipinda za kuseri kwa nyumba ku Mamelodi, amene alendi ake awiri abwerera kumudzi, alibe CCMA. Ndikudziwa mnzathu wina wa ku Mangochi amene ankagwira masiku atatu pa sabata m'yadi ina konkuno. Bwana wake anali manijala pa kampani ina yopanga zipangizo za galimoto. Kampani itachepetsa anthu, bwanayo adamuitana pa geti n'kumuuza mwaulemu kuti kuyambira mwezi wamawa azibwera Lachisanu lokha. Panalibe kalata, panalibe masiku 60. Mwezi wotsatira ndalama yopita kumudzi idachepa, feteleza sadakwanire, ndipo mwana wa mlongo wake amene anali Fomu 3 adakhala teremu yonse pakhomo. Pa anthu 4,000 amene nduna idatchula, mnzathuyu mulibe, mwana uja mulibenso.

Musaganize kuti lamulo silingafutukuke kufikira anthu ngati ife. Kuyambira 2003 wogwira ntchito m'nyumba kapena m'yadi maola opitirira 24 pa mwezi ayenera kulembetsedwa ku UIF ndi bwana wake. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo. Mu 2018, pa mlandu wa Assign Services umene NUMSA idamenyera, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidati munthu wa malipiro ochepa wobwera kudzera mwa leba buloka, pakatha miyezi itatu bwana wake ndi kampani imene akugwirako. Ndipo mu Novembala 2020 khoti lomwelo lidagamula pa mlandu wa Mahlangu kuti ogwira m'nyumba nawonso aziphimbidwa ndi lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Mlandu umenewo udayambira pano pafupi, ku Faerie Glen, kumene mayi wina wogwira m'nyumba adamira m'dziwe losambira la abwana ake mu 2012, mwana wake wamkazi n'kukana kungolira chabe. Zidatenga zaka 8, koma lamulo lidasintha.

Pali chinthu chinanso chimene tiyenera kuchinena poyera. Ntchito zikamatha, wandale amene alibe yankho amafuna munthu womuloza, ndipo wapafupi ndi mlendo. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa, Amalawi ambirimbiri n'kubwerera kwathu pa mabasi ali chimanjamanja. Mu Febuluwale 2017 anthu adaguba m'misewu ya Pretoria muno kutsutsa alendo. Patangotha miyezi itatu General Motors idalengeza kuti ikuchoka, ndipo panalibe mlendo wa m'zisakasa za ku Plastic View amene adakhala nawo pa msonkhano wa ku Detroit. Palibe Mmalawi amene adachotsa anthu ku Silverton kapena kuika msonkho pa doko la ku America. Wandale amene amalozera anthu ovutika kwa anzawo ovutika, m'malo moyankha za magetsi ndi njanji, ali ndi mlandu pawiri. Koma ifenso tisamuone bambo wa ku Mamelodi amene wachotsedwa ntchito ngati mdani. Mkwiyo wake uli ndi chifukwa, ndipo ali pafupi ndi ife kuposa mmene alili ndi nduna imene akuivotera.

Ife ochokera kumpoto kwa Limpopo tisayese kuti izi n'zachilendo. Abale a ku Zambia muli pano mukukumbuka fakitale ya Fiat ku Livingstone ndi ya njinga ya Luangwa ku Chipata, zimene zidafa dziko litatsegula malire a malonda m'zaka za m'ma 1990. A ku Zimbabwe mukudziwa mmene fakitale ya galimoto ya Willowvale idazilalira ku Harare. A ku Blantyre mukudziwa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons, imene idadyetsa Ndirande yense isanagulitsidwe mu 2003. Ndipo tonse tikudziwa za Theba, bungwe limene linkalemba anthu athu kudzagwira ntchito ku migodi ya kuno. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu oposa 70 ochokera ku migodi, a Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu, amuna zikwizikwi n'kubwerera kumudzi. Ntchitoyo idayambiranso mu 1977, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano woyeza magazi. Maboma awiri adagwirizana, maboma awiri adakangana, koma amene adatsala ndi chifuwa cha fumbi ndi agogo athu, ndipo mpaka lero okalamba amenewa amayenda ndi timapepala tachikasu m'majumbo kufunsa za ndalama zawo. Boma la kwathu ku Malawi limakondwera ndi ndalama imene timatumiza. Lili ndi ofesi ya kazembe mu Pretoria momwe muno. Nalonso tili ndi ufulu wolifunsa kuti nzika zake zikachotsedwa ntchito kuno, ndani pa ofesiyo amadziwa njira ya ku CCMA ndi ku UIF.

Ambiri a ife sitivota m'dziko lino, koma si kuti tilibe pakamwa. Timapemphera limodzi ndi anthu ovota, ena takwatirana nawo, ana athu ena ndi nzika. Chisankho cha makhansala chikamayandikira, woimira wodi akabwera ku tchalitchi kudzapempha mavoti, wina amufunse za mawaya a ku Rosslyn ndi Silverton, kuti akulondera ndani ndipo bajeti yake ndi ndalama zingati. Chery ikamalowa ku Rosslyn nduna zidzapitako, ndipo kampaniyo ikadzapempha thandizo la boma monga anzake onse, mabungwe a antchito ndi mipingo afunse kuti pangano lake lionetsedwe poyera, tione ngati muli mawu okhudza tsiku lochoka. Inu amene muli pa makampani a zipangizo, kaya mudalowa kudzera mwa buloka, lowani bungwe la antchito. Lamulo silikufunsani pasipoti kuti mukhale membala. Amene muli m'mayadi ndi m'nyumba ndipo mapepala anu ali bwino, kambiranani ndi abwana anu za UIF sabata ino, ntchito ikadalipo, ndipo sungani umboni wa malipiro anu, ngakhale ndi mauthenga a pa foni.

Kwa a wapampando ndi komiti ndili ndi pempho limodzi. Gulu lathu limadziwa kusonkha wina akamwalira, kuti thupi lifike ku Mzimba kapena ku Mulanje. Tiyeni titsegulenso buku lina, lolembamo aliyense wa ife amene ntchito yamuthera kapena masiku amuchepetsera chifukwa fakitale kapena kampani ya zipangizo yachotsa anthu: ankagwira ntchito yanji, kwa zaka zingati, ankalandira zingati, amadyetsa anthu angati kuno ndi kumudzi. Maina akhale m'manja mwa komiti yokha, kuti wina asaope. Chiwerengero chake ndicho tidzapite nacho kwa a NUMSA, kwa khansala wa wodi ino ndi kwa kazembe wathu. Ndalankhula kale ndi alembi athu, ndipo avomera kukhala pa tebulo la pakhomo tikamatuluka, kuti amene ali wokonzeka ayambe kulembetsa lero.